Gasi wa AC Satha Ngati Petulo

 Komiti inandipempha kuti ndikambepo nkhani yotithandiza m'thumba, ndipo ndasankha makina oziziritsa m'galimoto, amene timangowatchula kuti AC. Ine ndine wogwira ntchito m'boma, si makaniko ayi, koma sayansi imene tinaphunzira pa sukulu yathu ija ndi yokwanira pa nkhaniyi.

Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, makamaka kwa anzathu a ku Nsanje, Chikwawa ndi Salima, anthu amakhamukira ku galaja kukathiritsa gasi. Chaka chamawa abwereranso, ndalama zina zapita. Komatu gasi ameneyu satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, motero akatha msanga ndiye kuti pena pake pabooka.

Mukukumbukira chifukwa chimene madzi a mumtsuko amazizirira? Chinyezi chotulukira kunja kwa mtsuko chikamauma chimatenga kutentha n'kupita nako. AC imagwira ntchito chimodzimodzi. Kuseri kwa dashboard kuli kabokosi ka timapaipi kotchedwa evaporator. Gasi amalowamo ali ngati madzi, ndipo poti mtundu wa R-134a umawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro ukakhala wosapanikizidwa, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kumeza kutentha kwa mpweya umene fani ikuwuzira pa timapaipito. Kenaka compressor, imene imayendetsedwa ndi lamba wa injini, imapanikiza nthunziyo n'kuitumiza kutsogolo kwa galimoto, ku condenser, imene imakhala patsogolo pa radiator. Kumeneko mphepo imachotsa kutenthako, gasi n'kubwerera kukhala ngati madzi, ulendo n'kuyambiranso.

Condenser ndiye imazunzika kwambiri pa misewu yathuyi. Miyala yogendedwa ndi matayala a lole ya patsogolo imafikira pa iyo, ndipo timapaipi take ta aluminiyamu n'topyapyala zedi. Fumbi, udzu ndi tizilombo zimatsekanso mipata yodutsa mphepo. AC ikamazizira bwino pamene mukuthamanga koma n'kumafooka mukaima pa mzere wa magalimoto m'tauni, yambani mwaona fani ndi ukhondo wa condenser musanaganize za gasi. Itsukeni ndi madzi oyenda pang'onopang'ono. Makina opopera mwamphamvu a kotsukira magalimoto amapinda timasamba take. Mukaona banga la mafuta lomatira fumbi pa ngodya ina, pobooka ndi pomwepo, chifukwa gasi amayenda pamodzi ndi mafuta a compressor. Apa mpamene pali ngozi: kuyendetsa AC yochepa gasi kumamana compressor mafuta, ndipo ikaphwanyika tizidutswa take timadzaza condenser, zonse ziwiri n'kufunika zatsopano.

Evaporator imadwala mwakachetechete. Imakhala yonyowa nthawi zonse, ndipo madzi amene mumaona akudontha pansi pa galimoto yoima si vuto ayi, ndi thukuta lake. Kapaipi kotayira madziwo kakatseka, kapeti ya kutsogolo imanyowa ndipo m'galimoto mumamveka fungo la nguwi. Zinyalala za masamba zikamatirira pamenepo, chitsulo chimadyeka mpaka kubooka. Kuisintha n'kodula chifukwa pa magalimoto ambiri amayenera kumasula dashboard yonse. Fyuluta ya mpweya wolowa m'galimoto ndi yotchipa poyerekeza, koma ambiri sitidziwa n'komwe kuti ilipo.

Tsono makaniko wabwino mumuzindikira bwanji? Asanathire kalikonse amafufuza pobooka, mwina ndi nitrogen kapena utoto wowala pa nyali yapadera. Akakonza, amayamba wakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu, kenaka n'kuthira gasi pa sikelo molingana ndi muyeso wolembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti. Kapepala komweko kamanenanso mtundu wa gasi. Magalimoto akale ankagwiritsa R-12, amene anasiyidwa kutsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa chowononga ozone. Ambiri ochokera ku Japan amene tikuyendera ali ndi R-134a, pamene ambiri atsopano a ku Ulaya kuyambira 2017 ali ndi R-1234yf. Musalole kusakaniza mitunduyi, ngakhale atakuuzani kuti ndi yofanana.

Chomaliza, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi muziyatsabe AC kwa mphindi 10 sabata iliyonse, kuti mafuta azifika pa timphira totseka m'malumikiziro, tisaume.