Nyimbo zathu tizisunge pati?

 Lero ndikambe za seva ya nyimbo ya kalabu yathu. Ingoma imene tinajambula kwa agogo a ku Embangweni ndi ku Edingeni ili m'mafoni atatu basi. Imodzi ikabedwa pa msika wa Jenda, nyimbozo zapita, pomwe ena mwa oimbawo akalamba kwambiri.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi NAS, kabokosi ngati ka Synology kolowa ma hard drive awiri. Imodzi ikafa, inzake imakhalabe ndi zonse. Nkabwino, koma nkodula, komanso hard drive sigwirizana ndi magetsi ozimazima.

Yachiwiri ndi Raspberry Pi 4, kakompyuta kokwana m'dzanja. Kamafuna 5 volts yokha, ndiye batire ya sola ikwanira. Tilumikizeko SSD, yomwe ilibe mbale yozungulira m'kati, tiikemo pulogalamu yaulere ya Navidrome, kenako rauta ya WiFi. Aliyense ali pafupi azimvera pa foni yake osagula bandulo.

Kukula kwake musade nako nkhawa. Nyimbo ya MP3 ikakhala 5 MB, SSD ya 500 GB isunga pafupifupi 100,000.

Ine ndikuti tisankhe yachiwiri, koma tigulenso hard drive ina yokoperamo zonse mwezi uliwonse, izigona nyumba ina. Nyimbo za oimba ena tiyambe tafunsa a COSOMA. Loweruka tidzavote, bwerani ndi mafoni atatu aja.