Makobiri Okumbukira Ngolo za Makalata

Lero tikamba za makobiri a mkuwa amene sanasulidwe ndi boma, koma anthu a ku London anali kugulira zinthu zaka zoposa 200 zapitazo.

Kale ku England makalata anali kunyamulidwa ndi anyamata okwera pa akavalo. Ulendo wao unali wocedwa, ndipo acifwamba anali kuwalalira panjira. Tsono munthu wina wa mumzinda wa Bath, dzina lake John Palmer, anapempha boma kuti makalata aziyenda pa ngolo yokokedwa ndi akavalo anai, pamodzi ndi mlonda wonyamula mfuti. Pa 2 Ogasiti 1784 ngolo yoyamba inanyamuka ku Bristol, ndipo inafika ku London patapita maola 16. Anyamata aja anali kutha maola ngakhale 38 pa ulendo womwewo.

M'masiku amenewo ndalama zing'onozing'ono zinali kusowa, pakuti boma linali litaleka kusula za mkuwa mu 1775. Motero kuyambira mu 1787 eni migodi ndi amalonda anayamba kusula makobiri aoao olipirira anchito ndi kugulitsira malonda. Ena mwa makobiriwo anasulidwa pothokoza Palmer.

Nanga tingawazindikire bwanji? Mbali imodzi pali cithunzi ca ngolo ndi akavalo anai ali paliwiro, ndi mau a Cingelezi onena kuti ili ndi theka la kobiri. Tikatembenuza tipeza dzina lakuti J. Palmer ndi mau omuyamika, ndipo ena alinso ndi caka ca 1797. Osonkhanitsa amayang'anitsitsa zilembo ndi m'mphepete momwe, cifukwa kusiyana kwakung'ono kumaonetsa mtundu wina. Amawachula ndi dzina la James Conder wa ku Ipswich, amene analemba mndandanda wa makobiri otere mu 1798.

Ana inu, mukatola ndalama yakale musaikwece ndi mcenga kapena phulusa. Zilembo zikafufutika, mbiri yake yataika, ndipo siidzabwereranso.

Aphunzitsi, phunziro likatha patsani ana ndalama iliyonse yacitsulo. Aike pepala pamwamba pake ndi kukhwekhwereza pensulo mpaka cithunzi cioneke. Pambuyo pake alembe caka, mau ndi cithunzi cimene apeza mbali zonse ziwiri, ndipo afotokoze cimene osula anafuna kuti anthu azikumbukira.

Tsalani bwino.