Chikande ndi Chisanu cha pa Phiri la Mulanje



Mwezi wa June ndi July ukafika, chiperoni chimakuta phiri, ndipo kumtunda, ku Lichenya ndi ku Chambe, udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Pansi pa udzu umenewo pamagona chomera chimene ambiri amachidziwa chili kale m'mbale: chikande. Maluwa ake ndi a m'gulu limene akatswiri amalitcha orchid, monga Disa ndi Satyrium. Amaphuka m'dzinja, ndipo kukayamba kuzizira masamba amafota, moyo wonse n'kutsalira mu kambatata kake m'nthaka.

Dothi ndi zinyalala za udzu ndizo chofunda cha kambatatako. Wokumba amene wafukula dothi n'kusiya dzenje pululu waika pambalambanda ngakhale timbatata timene sanatenge. Choipa kwambiri n'chakuti chomerachi chimabala kambatata katsopano chaka chilichonse pamene kakale kakufota. Wochotsa katsopanoko wachotsa duwa la chaka chamawa. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi ndipo sizimera popanda tizilombo ta m'gulu la bowa ta m'nthaka ya komweko. N'chifukwa chake wozula duwali kuti akabzale kumudzi nthawi zambiri amangoliona likuuma.

Ma orchid ena amamera pa nthambi za mitengo, kumene amamwa nkhungu. Mtengo ukagwa chifukwa cha makala, iwo amatsala pamtetete, mphepo yozizira usiku, dzuwa masana.

Alipo ena, makamaka kufupi ndi minda ya tiyi, amene amasunga maluwawa m'miphika pabwalo. Iwo asunthire miphikayo pakhonde kapena patsinde pa mtengo, osati m'chigwa, poti mphepo yozizira imatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'malo otsika. Athirire m'mawa, pang'ono pokha. Madzi ogona m'masamba usiku wozizira amawoletsa duwa. Kukada kumwamba kuli mbee, afunditse chiguduli kapena udzu, n'kuvundukula dzuwa likatuluka. Pepala la pulasitiki likakhudza masamba silitchinjiriza kanthu.

Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, choncho kukumba kapena kuzula chomera m'menemo popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango ndi mlandu. Makomiti a zachilengedwe m'midzi akuyembekezeka kukambirana nkhaniyi ndi mafumu awo chisanu chisanafike pachimake.