NTCHITO IKATHA, BANJA LIDYA CHIYANI?



Lero tikambirana nkhani imene imakhudza mabanja ambiri m'parishi mwathu. Munthu anali pa ntchito yolembedwa, kenaka kampani yatsekedwa kapena yachepetsa antchito. Mwezi ukatha malipiro palibe, koma mwini nyumba akufuna lendi ndipo ana akufuna fizi. M'maiko ena muli thumba la ndalama lothandiza anthu otere kwa kanthawi, lotchedwa inshuwalansi ya anthu amene ntchito yawathera. Kuno ku Malawi thumba lotere kulibe. Koma popeza ndife amene timasankha aphungu opanga malamulo, ndi bwino kuti tidziwe m'mene thumbali limayendera ndiponso zimene tiyenera kufunsa nkhaniyi ikadzafika ku Nyumba ya Malamulo.

CHIPHUNZITSO CHA MPINGO

M'chaka cha 1981 Apapa Yohane Paulo Wachiwiri analemba kalata yonena za ntchito ya munthu, yotchedwa Laborem Exercens. M'kalatamo anaphunzitsa kuti kuthandiza anthu osowa ntchito pamodzi ndi mabanja awo ndi udindo, chifukwa zinthu za pansi pano Mulungu anazipereka kwa anthu onse ndipo aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Anaphunzitsanso kuti ntchito imapatsa munthu ulemu, kotero dziko liyenera kuyesetsa kuti anthu apeze ntchito. Mfundo ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi.

CHAKUDYA NDI MBEWU

Mlimi wanzeru akakolola amasiyanitsa chimanga chodya ndi chimanga cha mbewu. Akadya chonse, mvula ikagwa alibe chobzala. Akasunga chonse ngati mbewu, ana agona ndi njala. Thumba lothandiza osowa ntchito nalonso liyenera kukhala ndi mbali ziwirizi: chakudya cha lero, ndi njira yobwererera ku ntchito.

Thandizo likachepa kwambiri, munthu amagulitsa makina ake osokera kapena njinga yake, amatenga katapila, amatulutsa mwana pa sukulu. Mmisiri wodziwa bwino ntchito yake amavomera ganyu aliyense chifukwa cha njala, ndipo luso lake limatayika. Koma thandizo likakhala lofanana ndi malipiro, ndiponso lopanda mapeto, ena adzazengereza kufuna ntchito, thumba lidzauma, ndipo amene akusonkha adzayamba kudandaula.

CHITSANZO CHA KU SOUTH AFRICA

Tasankha dziko limeneli chifukwa abale athu ambiri amagwira ntchito ku Joni, ndipo amene analembedwa ntchito motsata malamulo amaona zilembo za UIF pa pepala la malipiro awo. Thumba la UIF limayenda motsata lamulo la 2001, limene linakonzedwanso ndi lamulo la 2016. Tione mafunso anayi amene opanga malamulo anayankha.

1. Asonkhe ndani? Pa marandi 100 aliwonse a malipiro, wantchito amadulidwa randi imodzi ndipo bwana wake amaonjezapo randi imodzi. Kuyambira m'chaka cha 2003 ngakhale antchito a m'nyumba analowetsedwa m'thumbali. Onse amasonkha ngakhale kuti si onse adzalandire, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

2. Munthu alandire zingati? Salandira malipiro ake onse. Amalandira pakati pa 38 ndi 60 peresenti. Wa malipiro ochepa ndiye amalandira gawo lalikulu, chifukwa ndalama zake zonse zimathera pa chakudya ndi lendi. Motero wosauka amatetezedwa, komabe kugwira ntchito kumapindulitsa kuposa kukhala pakhomo.

3. Alandire mpaka liti? Masiku anayi aliwonse amene munthu wagwira ntchito amampatsa tsiku limodzi la thandizo, koma osapitirira masiku 365 m'zaka zinayi. Poyamba malire anali masiku 238. Ndipo pakapita masiku 238, ndalama zimatsika kufika pa 20 peresenti, kuti munthu asaiwale kuti thandizoli ndi la kanthawi.

4. Nanga wolandira achite chiyani? Ayenera kulembetsa ku ofesi ya zantchito ngati munthu wofuna ntchito, ndi kukhala wokonzeka kuyamba ntchito ikapezeka. Akakana maphunziro a luso popanda chifukwa chomveka, thandizo limaimitsidwa. Amene wasiya ntchito mwa kufuna kwake nthawi zambiri salandira.

Komabe tisaganize kuti thumbali lathetsa mavuto onse. Kuyambira 2021 mpaka 2024, mwa anthu 100 aliwonse a ku South Africa amene anali pa ntchito kapena kufuna ntchito, oposa 30 analibe ntchito. Achinyamata amene sanalembedwepo ntchito sanasonkhe kanthu, kotero salandira kanthu. Ndipo kuumiriza munthu kufuna ntchito kumene ntchito kulibe ndi kungomuvutitsa.

NANGA KUNO KWATHU?

Lamulo la zantchito la 2000, monga linakonzedwera mu 2010, limalamula kuti munthu amene wachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito alandire ndalama zomuperekeza: malipiro a sabata ziwiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, sabata zitatu pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zotsatira, ndi sabata zinayi pa chaka chilichonse kupyola zaka khumi. Vuto ndi lakuti ndalamazi zimachokera kwa bwana yekhayo. Kampani ikagwa, wantchito angathe kudikira nthawi yaitali osalandira.

Mu 2011 kunabwera lamulo loti mabwana aziika antchito awo pa penshoni. Koma penshoni ndi mbewu ya ukalamba. Munthu akaidya ali ndi zaka makumi atatu, adzadya chiyani mphamvu zikadzatha?

Tikumbukirenso kuti Amalawi ambiri si olembedwa ntchito. Ndi alimi, ochita ganyu, a kabaza ndi ogulitsa pamsika. Iwowa amafikiridwa ndi njira zina, monga ntchito zachitukuko zimene MASAF inayambitsa m'zaka za m'ma 1990, ndi Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Pa maphunziro a luso tili ndi TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999. Dziko lathu likadzafuna kukhazikitsa thumba lotere, lidzayenera kulumikiza zonsezi, kuti lisadzakhale la anthu ochepa a m'tauni okha.

UDINDO WATHU

Ife amene tili pa ntchito tisunge kalata yotilemba ntchito ndi mapepala a malipiro, pakuti ndiwo umboni wathu tsiku la mavuto. Amene tili ndi abale ku Joni tiwauze aonetsetse kuti bwana wawo akutumizadi ndalama zimene akuwadula. Amene timalemba anzathu ntchito, ngakhale wa m'nyumba kapena mlonda, tiwalipire zonse zimene lamulo likunena. Ndipo ofuna mavoti athu akabwera, tiwafunse mafunso anayi aja: asonkhe ndani, munthu alandire zingati, mpaka liti, ndipo abwerera bwanji ku ntchito. Tionjezepo lachisanu: ndani adzayang'anira thumbalo kuti ndalama za antchito zisabedwe?

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi mu mphakati wathu muli mabanja angati amene ntchito inawathera chaka chino? Tawathandiza bwanji?
2. Kodi tingavomere kudulidwa K1 pa K100 iliyonse kuti tithandizane ntchito ikatha? Chifukwa chiyani?
3. Ndi luso lanji limene akhristu a parishi yathu angaphunzitse achinyamata osowa ntchito?