Mmisiri Wopanda Chikalata ku Bangula

Lero ndikutengani ulendo wa ku chigwa cha Shire, ku Bangula m'boma la Nsanje. Koma nkhani imene ndabwera nayo kuchokera kumeneko ikukhudzanso inu a ku Karonga, a ku Mchinji ndi a ku Mangochi.

Pa msika wa Bangula, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Nsanje, ndidakhala pa benchi ya mmisiri wina wowotcherera zitsulo, ndikudikira kuti andilumikizire felemu ya njinga. Dzina lake ndilisunga. Bamboyu wagwira ntchitoyi zaka zoposa 20. Ngolo za ng'ombe, mafelemu a maŵindo, zipata za masukulu, zonsezi zadutsa m'manja mwake. Ku koleji sadapondeko. Adayamba ndi kugwirira zitsulo amalume ake ali mnyamata, maso ali pa moto, mpaka tsiku limene amalumewo adamusiyira makina.

Tsiku lina adamva kuti kampani ina yomanga ikulemba amisiri. Adalaŵira m'mamaŵa nakaima pa mzere. Kalaliki adamufunsa funso limodzi lokha: "Mapepala anu ali kuti, bambo?" Iye adatambasula manja ake odzaza ndi zipsera za moto. Adamuuza kuti malo alipo, koma a ulebala.

"Ndidavomera, achimwene," adatero pondifotokozera, "pakuti ana sadya ulemu. Koma mnyamata amene adamulemba uweledala ankabwera kwa ine mozemba, kudzafunsa kuti chitsulo chopyapyala achipatse moto wotani kuti chisabooke."

Vutoli silidayambe lero. Abambo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi Theba, kufikira kulemba anthu kudaima mu 1988, ankabwerako ndi majombo, mabulangete ndi wailesi. Ankabwerakonso ndi luso la mapampu, nthambo zamagetsi ndi makina akuluakulu. Majombo aja tidaŵaona tonse, koma lusolo palibe adalilemba paliponse, ndipo ambiri adapita nalo kumanda.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuikumba nkhaniyi tsopano? Bangula udali mudzi wa njanji, mpaka madzi adakokolola njanjiyo pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, sitima yochokera ku Limbe nileka kufika. Boma lidakonza zomanganso njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kudzafika pa Bangula. Mu 2020 idayambanso ntchito yokumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene pa mapulani ake ikuyenera kutsika mpaka ku Bangula ndi kuthirira mahekitala opitirira 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ntchito zotere zimafuna owotcherera, omanga, okonza mapampu, ndipo sizidzaleka kuŵafuna ngalandeyo ikadzatha. Ngati ana a m'chigwa alibe chosonyeza kwa kalaliki, malipiro abwino adzapita kwa otsika ndi mapepala kuchokera kumtunda, eni dera ali kalikiliki kukankha mawilibala.

Komatu njira ilipo, ngakhale ambiri saidziŵa. Akuluakulu akukumbukira mayeso a Trade Test a Unduna wa za Ntchito, amene munthu ankayambira giredi 3, kukwera giredi 2, mpaka giredi 1. Ganizo lake lidali labwino: tisafunse kumene udaphunzira, tione zimene manja ako achita. Mu 1999 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo bungweli lili ndi ndondomeko yozindikira luso limene munthu adalipeza kale, kaya m'galaji, kaya pansi pa mtengo wa masawu. M'Chingerezi amati Recognition of Prior Learning. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu asaphunzitsidwe kaŵiri chimene akuchidziŵa.

Kayendedwe kake ndi kotere. Mmisiri amapempha kuti ayesedwe pa ntchito yake. Amasonkhanitsa umboni: makalata a anthu amene adaŵagwirira ntchito, zithunzi za zinthu zimene adapanga, malisiti, ngakhale kabuku kolembamo maoda. Kenaka oyesa amamupatsa zipangizo nati, "Tapangani tione." Amayerekeza ntchito yakeyo ndi muyezo womwewo umene amayesera ophunzira a ku Soche kapena ku Nasawa. Akakwanitsa, amalandira chikalata cha mlingo umene wafika. Akapereŵera pena, amamuuza popereŵerapo, kuti akaphunzire chokhacho basi, osati kuyambiranso pa chiyambi.

Ndisakunamizeni, omvera: si mphatso ayi. Mnzanga wa pa Bangula uja adzakhoza msoko wa chitsulo atatsinzina. Koma ndidamuona akuwotcherera atavala magalasi a dzuŵa ogula pa msika, nthambo ya magetsi ili gwagwagwa pa dothi, ana akuseŵera pafupi. Pamenepo oyesa adzamugwira, ndipo adzachita bwino kumugwira. Kuŵerenga pulani yojambulidwa, kuyeza ndi mamilimita, kuŵerengera mtengo wa ntchito, izi n'zimene zimapunthwitsa amisiri ambiri ophunzirira pa ntchito. Ndidamuuza zimenezi maso ndi maso. Adaseka, koma sadatsutse.

Tili chichezere, adafika mwana wake wamkazi ndi chakudya cha bambo ake. Mtsikanayu adaphunzira zaka ziŵiri za maphunziro oŵerengera ndalama pa koleji ina mu Blantyre. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasesa munda wa banjali, fizi idasoŵa, iye nabwerera kumudzi. Tsopano akufuna kupitiriza pa koleji ina yotsika mtengo, ndipo mantha ake ndi akuti akamuyambitsanso chaka choyamba. Bambo ndi mwana, vuto lawo ndi limodzi: wina luso lake lili m'manja, wina lili m'kaundula wa sukulu imene adaisiya.

Apa pafunika ndifotokoze za makirediti. Phunziro lililonse la ku koleji lili ndi kulemera kwake, monga thumba la thonje pa sikelo. Kulemerako amakuyeza ndi maola amene wophunzira amathera pa phunzirolo, m'kalasi ndi poŵerenga payekha. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10. M'maiko a ku Ulaya chaka chathunthu chimalemera makirediti 60. Wophunzira akasamuka, koleji yomulandira imaika pa sikelo zimene wabwera nazo: phunziro ili likufanana ndi lathu kodi, pa zamkati mwake ndi pa kulemera kwake? Likafanana, amamukhululukira kulibwereza. Mphamvu yovomera kapena kukana ili ndi koleji yolandirayo, ndipo kaŵirikaŵiri imafuna kuti gawo lalikulu la maphunzirowo alichitire pomwepo. Ndi m'njira yofanana ndi imeneyi mmene anthu a madipuloma ndi zaka za pa ntchito akhala akuloŵera m'mayunivesite athu osayambira chaka choyamba.

Zinthu ziŵiri zimapha nkhani zotere. Choyamba ndi koleji yosavomerezeka. Mu 2011 padakhazikitsidwa lamulo la bungwe la National Council for Higher Education, limene limalembetsa makoleji ndi kuvomereza maphunziro awo. Makolo, musanagulitse ng'ombe kuti mulipire fizi, funsani ngati kolejiyo ndi phunzirolo zili pa mndandanda wa bungweli. Makirediti a kosavomerezeka amavuta kuyenda, ali ngati ndalama imene sitolo ina iliyonse ikuikana. Chachiŵiri ndi kusoŵa kwa pepala losonyeza mamalikisi a phunziro lililonse, limene amalitcha transcript. Makoleji ambiri salitulutsa ngati pali ngongole ya fizi. Mtsikana uja ali ndi ngongole ya teremu imodzi, ndipo zaka zake ziŵiri zatsekeredwa m'kabati chifukwa cha teremu imeneyo. Ine ndikuona kuti akuluakulu a makoleji akadapeza njira yoti wophunzira wotere azibweza pang'onopang'ono, uku pepala lake litatumizidwa kumene akupita. Mwana wokhala kumudzi sabweza ngongole.

Ku chigwa kuli mdani wina wa mapepala, ndiye madzi. Amene adathaŵira ku msasa wa pa Bangula mu Malichi 2019, ndi amene adakwera m'mitengo mu Januwale 2015, sadakumbukire masatifiketi, adanyamula ana. Ngati yanu idapita ndi Shire kapena Ruo, musataye mtima. Bungwe la mayeso la MANEB ku Zomba limasunga zotsatira za mayeso ndipo limatha kulemba kalata yotsimikizira kuti mudakhoza. Amene mapepala anu akadalipo, ajambuleni ndi foni lero lomwe, mutumize zithunzizo kwa mbale wanu wa kumtunda.

Tisaiŵale kuti Bangula ali pafupi ndi malire. Tsidya lina la malire ana amaphunzira m'Chipwitikizi makalasi 12, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziŵiri, makamaka chiyambire nthaŵi ya othaŵa nkhondo amene adayamba kubwerera kwawo mtendere utasainidwa mu 1992. Maiko a SADC adagwirizana zoti azizindikirana maphunziro, ndipo pangano lake la maphunziro lidasainidwa konkuno ku Blantyre mu 1997. Komabe pangano silinyamula munthu. Wopita ku Johannesburg ndi satifiketi ya kuno amayenera kuipereka ku bungwe la SAQA kuti liiyeze, ndipo wopita chimanjamanja, ngakhale akhale katswiri wotani, amakayambira pa ganyu.

Dandaulo langa lomaliza likupita kwa oyendetsa mayesowa. Kuchokera pa Bangula kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 100, kukwera Thabwa. Mmisiri wodya za tsiku lomwelo akatseka shedi yake masiku atatu, kulipira basi ndi malo ogona, banja lagona ndi njala. Oyesa aŵiri atatsika ndi zipangizo zawo nakhala sabata imodzi pa Bangula, ina pa Ngabu, ina pa Nchalo, angayese anthu ochuluka pa mtengo wochepa. Mafumu ndi makhansala a m'chigwa, nkhani iyi ndi yanu kuti muikankhe. Amisiri inunso, yambirani pa ofesi ya za ntchito pa boma lanu, mukafunse tsiku ndi mtengo wa mayeso a ntchito yanu.

Pamene ndinkatsanzika, njinga yanga itachira, mnzanga uja adali atang'amba kale tsamba m'kope la mdzukulu wake. Ankalemba maina a anthu amene adaŵapangira ngolo, ndipo adati maŵa lake akaona aphunzitsi aakulu a sukulu ina kuti amulembere kalata ya chipata chimene adaŵaikira zaka zisanu zapitazo. Magalasi enieni owotcherera adati agula thonje likagulidwa.