ZIMENE TIDAONA KU NKHOMA, CHONGONI, MUA NDI MVERA

Mau a Mlembi wa Chigwirizano pa tsiku la chikondwerero

 

Komiti yandituma kuti ndifotokoze za ulendo umene tidayenda chaka chatha titatha kukolola, wokaona malo akale a m'dziko lathu. Ambiri mudasonkha, wina nkhuku, wina mtedza, wina ndalama, koma malo m'basi adali ochepa, kotero simudapite nonse. Nkoyenera kuti amene adasonkha amve kumene chuma chawo chidafika. Ndikatha kufotokoza ndili ndi mapempho anai, ndipo ndikupemphani kuti musatuluke musanawamve, chifukwa akukhudza pakhomo pathu pomwe pano.

Tidanyamuka pa Mchinji tambala woyamba atalira. Tidadutsa Namitete ndi Lilongwe, ndipo pa Kamphata tidapatuka kulowera ku Nkhoma. Ambiri a ife dzina la Nkhoma timangoliona pa makalata a Sinodi ndi pa mabuku a nyimbo, ena adafikako atadwala maso, koma munthu wodwala saona malo. Tsiku limenelo tidapita ndi maso abwino.

Mishoni ya Nkhoma idayamba m'chaka cha 1896, ndipo woiyambitsa adali Mbusa Vlok wochokera ku South Africa. Masiku amenewo anthu a mfumu Mazengera ankakhala pamwamba pa phiri chifukwa choopa nkhondo ya Angoni. Tidayang'ana phirilo, ndi lamiyala ndiponso lotsetsereka zedi. Tidafunsana kuti kodi amai a nthawi imeneyo ankakwera bwanji ndi mtsuko wa madzi pamutu, mwana ali kumbuyo? Ife tikadandaula kuti mjigo uli kutali, tizikumbukira amai amenewo. Tidaona chipatala chimene chidayamba mu 1915, tchalitchi, nyumba zakale za njerwa, ndi sukulu ya William Murray. Tidafikanso ku manda. Pa miyala ina pali maina a anthu amene adamwalira akali achichepere, kutali ndi kwawo. Pamenepo aliyense adangokhala chete, ngakhale aja amene adasokosa njira yonse.

Usiku tidagona ku Chongoni, pa malo ophunzitsira akhristu otchedwa Namoni Katengeza. Dzinali ndi la mmodzi wa abusa oyamba achimalawi a Sinodi yathu. M'mawa mwake tidapita ku mapiri a ku Mphunzi kukaona zithunzi zojambulidwa pa miyala. Amai anzanga, m'dera la Chongoni muli malo 127 amene ali ndi zithunzi zotere, m'mapanga ndi pansi pa matanthwe. Zithunzizo nzamitundu iwiri. Zofiira, zokhala ngati mizere ndi zozungulira, adajambula ndi Akafula, anthu amene adali m'dziko muno makolo athu asanafike. Zoyera adajambula ndi Achewa, ndi dothi loyera. Zina mwa zoyerazo zikuoneka ngati nyama yotambasula miyendo, ndipo adajambula ndi amai pa nthawi ya chinamwali, polangiza atsikana. Tidadabwa kumva kuti ntchito ya manja a amai osapita ku sukulu idathandiza nawo kuti m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lilembe Chongoni m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi.

Koma mudziwe kuti zithunzi zimenezi zili pangozi. Pali anthu amene amalemba maina awo ndi makala pamwamba pa zithunzizo, ena amasonkha moto m'phanga utsi nkudetsa mwala. Chinthu chimene chakhala zaka mazanamazana, mnyamata mmodzi angathe kuchiwononga pa nthawi yochepa kuposa yophikira phala. Ana amenewo ali ndi amai awo. Mwana akaphunzira kwa make kuti chakale nchachabe, adzachita chomwecho kulikonse kumene angapite.

Kuchoka apo tidadutsa pa Dedza ndi kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Ena adatsinzina mpaka kufika pansi. Madzulo tidafika ku Mua, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Iyi ndi mishoni ya anzathu Akatolika, ndipo adaiyambitsa ndi ansembe a White Fathers mu 1902. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher wochokera ku Canada, amene Achewa adampatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa kumeneko malo otchedwa Kungoni, kumene amisiri amasema ziboliboli ndi kujambula. Pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale yotchedwa Chamare. Dzinali ndi la wansembe wina wakale wa pamalopo, Champmartin, limene lidavuta malilime a anthu mpaka lidasanduka Chamare. Pa zipupa za kunja adajambulapo mbiri ya dziko lathu. M'kati muli zipinda zitatu, ndipo mukupezeka mbiri ya mishoniyo, miyambo ya Achewa, ya Angoni ndi ya Ayao, kuyambira pa kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro.

Pano ndiyenera kunena zoona, chifukwa nkhani yake idafika kale kumudzi kuno ife tisanatsike basi. M'chipinda cha Achewa muli zigoba za gule wamkulu zambirimbiri. Amai ena adakana kulowamo. Adati iwo adatuluka m'zimenezo pobatizidwa, ena adazunzika nazo m'midzi mwawo, ndipo sangavale yunifomu ya Chigwirizano ndi kukaimirira pakati pa zilombo. Amai ena adalowa. Adati kuona sindiko kupembedza, ndipo mai amene sadziwa kumene anthu a mtundu wake adachokera sangathe kuyankha mwana wake akamfunsa. Mau adakula pang'ono pabwalopo. Amai Mtsogoleri adaweruza mwanzeru kuti aliyense atsate mtima wake, wolowa asaseke wotsala, wotsala asaweruze wolowa. Madzulo tidadya nsima m'mbale imodzi. Ndikupempha kuti nkhaniyi ithere pamenepo, isakhale yonong'onezana pa chitsime. Chimene tonse tidagwirizana nchakuti anzathuwo amadziwa kusunga. Chilichonse chili ndi dzina lake, chaka chake ndi malo ake, ndipo mlendo akafunsa amayankhidwa.

Tsiku lachitatu tidabwerera kudzera ku Salima, ndipo tidaima pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Apa ndipo pa chiyambi pa mpingo wathu. Mbusa A.C. Murray ndi Mbusa Vlok adafika pamenepa pa 28 Novembala 1889. Pafupi pali phiri la Kaso, pamene Mbusa W.H. Murray pamodzi ndi aphunzitsi achimalawi adagwira ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa lathunthu mu 1922. Buku limene timalikulunga m'nsalu popita ku msonkhano lidadya anthu zaka zambiri, akukangana pa liu limodzilimodzi kuti limveke bwino m'chinenero chathu. Kuchokera pa Mvera ntchito idafalikira ku Kongwe, ku Nkhoma, ku Mlanda, ku Mphunzi, mpaka kuno kwathu ku malire. Ndipo mu 1926 mpingo wa Nkhoma udalowa mu C.C.A.P., umene a Livingstonia ndi a Blantyre adaupanga mu 1924.

Titafika kunyumba ndidafotokozera mwana wanga wa ku sekondale za UNESCO ija, ndipo iye adandiwerengera za mzinda wina wotchedwa Quito, likulu la dziko la Ecuador ku South America. Mzindawo uli m'mapiri a Andes, pa msinkhu wa mamita 2,850. Kuti mumvetse bwino, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye kuti anthu amenewo amagona ndi kugulitsa malonda pafupifupi pamwamba pa Mulanje. Quito udali umodzi wa malo oyamba kulembedwa m'kaundula uja, mu 1978, chifukwa cha matchalitchi ndi nyumba zake zakale. Tchalitchi china chotchedwa La Compañía adayamba kumanga mu 1605 ndi kutsiriza mu 1765, zaka 160, ndipo m'kati mwake adakutamo golide. Amene adakumba maziko sadachione chitatha. Zivomezi zakhala zikugwedeza mzindawo, monga cha mu 1987, koma eni ake amakonzanso ming'alu, sagwetsa. Nchifukwa chake alendo amachokera kutali kukaona, ndipo amai a kumeneko amapezerapo pogulitsira nsalu ndi zakudya. Ife golide tilibe. Koma kaundula amene muli Quito ndi yemweyo muli Chongoni, pamene palibe golide, pali dothi loyera ndi zala za amai.

Tsono tibwere kwathu. Tidawononga mafuta kupita kutali, koma kodi za pakhomo tikuzidziwa? Ndi ana angati muno amene akudziwa kuti boma lathu linkatchedwa Fort Manning, ndi Chipata Fort Jameson, ndi kuti maina amenewa adabwera pa nthawi ya nkhondo ya azungu ndi Angoni a Mpezeni, imene idachitika mu 1898? Kachebere ali pomwepa. Mishoni yake idayamba mu 1903, seminale yake idatsegulidwa mu 1939, ndipo ansembe ndi mabishopu ambiri a m'Malawi ndi Zambia adaphunzira kumeneko. Tsidya la malire, pafupi ndi Chipata, kuli Magwero, mishoni ya abale athu a Dutch Reformed imene idayamba mu 1899, yodziwika ndi sukulu ya ana osaona ndi osamva. Timadutsa pa Mwami kukagula ndi kukagulitsa, timapita ku maliro a abale athu kumeneko, koma sitipatuka.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Mabuku akale a Chigwirizano chathu, m'mene alembi oyamba ankalemba maina a amai, zopereka ndi odwala amene adayenderedwa, akhala zaka zambiri m'katoni, m'chipinda chodontha. Awiri chiswe chidadya kale, masamba otsala akuthetheka munthu akawagwira. Amai amene adayamba ntchitoyi, amene ankayenda pansi kupita ku misonkhano ufa uli pamutu, atsala owerengeka. Chaka chilichonse timaperekeza mmodzi, ndipo zimene ankadziwa timazikwirira naye. Komanso kwamveka maganizo akuti tchalitchi chathu chakale chija chigwetsedwe, njerwa zake zikamangire khitchini. Khitchini ikufunika ndithu, ife ophika pa mvula ndife tikudziwa. Koma njerwa zimenezo adaumba ndi makolo athu, madzi ake adatunga ndi agogo athu, ambiri a ife tidabatizidwa ndi kukwatitsidwa m'menemo. Njerwa zatsopano tingathe kuumba chaka chilichonse, nyumba imeneyo ikagwa sidzadzukanso.

Mapempho a Komiti ndi awa.

Loyamba, tigule bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, tiikemo mabuku otsala, zithunzi ndi makalata akale. Aliyense amene ali ndi khadi lakale la Chigwirizano, chithunzi cha msonkhano, kapena buku la nyimbo la malemu amai ake, abwere nacho tichilembe m'kaundula. Chidzakhalabe chake, ife tingofuna kudziwa kumene chili.

Lachiwiri, mwezi uno usanathe, amai awiriawiri ayendere agogo athu m'miraga yonse, atenge kope ndi mtsikana wodziwa kulemba msanga. Afunse za chiyambi cha mpingo kuno, amene ankatsogolera, kumene ankapempherera, ndi mavuto amene adakumana nawo. Amene ali ndi foni yojambula mau atithandize. Musapite chimanjamanja, tengani kasopo ndi kashuga. Tisanene kuti tidzapita mvula ikatha, paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Lachitatu tikupereka mwaulemu kudzera mwa inu Bambo Mkhalapakati kwa Abusa ndi akulu a mpingo. Tchalitchi chakale chisagwetsedwe. Ife amai tikulonjeza kutunga madzi ndi kututa mchenga wa njerwa zatsopano za khitchini, ngati abambo ndi anyamata adzaumba ndi kuotcha. Nyumba yakaleyo ikonzedwe denga, ana a Sande Sukulu aziphunziriramo, ndipo bokosi lija lizikhala m'menemo.

Lachinai, ulendo wa chaka chamawa ukhale waufupi, wa tsiku limodzi, wa ku Kachebere, ndipo titenge ana athu pamodzi ndi amai amene adatsala chaka chatha. Tidzalemba kalata yopempha chilolezo nthawi ikalipo, monga achitira alendo aulemu.

Pomaliza ndithokoze abambo amene adatilola kuchoka masiku atatu nasamala ana ndi ziweto. Tamva kuti m'nyumba zina nsima idali ya mitanda, koma palibe adamwalira. Ndithokoze Amai Msungichuma amene adawerengera ndalama zonse poyera, ndi onse amene adatilandira m'malo amene tidafika. Bokosi la zopereka za mapempho amenewa lili pakhomo, ndipo kope lolembamo maina a amene adzayendere agogo lili ndi ine.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu.