Thandizo la fizi ya ku koleji limayambira pa chitupa



Mwandipempha kuti ndinenepo za kumene tingapeze thandizo mwana akamaliza Fomu 4 kapena Fomu 6. Mukando wathu, umene kumudzi amati banki m'khonde, watigulira malata ndi katundu wa geni. Koma fizi ya ku University of Zimbabwe kapena Harare Polytechnic ndi mtolo wina, sungausenze ndi masheya okha.

Ndiyambe ndi chimene chimatipunthwitsa ife a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Mbare. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ambiri a ife tinabadwira konkuno, koma zitupa zathu zinalembedwa chilembo cha A, kusonyeza kuti ndife alendo. Fomu yopempha thandizo imafuna setifiketi ya kubadwa ndi chitupa, ndipo mabungwe ambiri amafunsanso za unzika. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi 15 a ZIMSEC, amene ndi apamwamba kwambiri pa maphunziro atatu, fomu yake n'kuikidwa pambali chifukwa cha chilembo chimodzi.

Lamulo lili kumbali yathu. Gawo 43 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limati munthu wobadwira muno malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Koma lamulo silibwera lokha kudzasintha chitupa m'chikwama mwanu. Muyenera kupita ku ofesi ya kalembera, monga ku Makombe Building, mutanyamula mapepala anu ndi a makolo. Mzere ndi wautali, ndipo mwina adzakubwezani kuti mukatenge pepala lina. N'chifukwa chake ndikuti yambani mwana ali Fomu 2 kapena 3. Zotsatira zikatuluka, masiku otumizira mafomu amakhala ochepa.

Tsono thandizolo lili kuti? BEAM, imene boma linayamba mu 2001, imathera ku sekondale, ku koleji sifika. CAMFED, imene inayambira m'dziko muno mu 1993, imathandiza kwambiri atsikana a m'maboma a kumidzi, choncho ife a m'lokeshoni tisaidalire.

Khomo loyenera kugogoda ndi la Higherlife Foundation ya a Strive ndi a Tsitsi Masiyiwa. Ali ndi Joshua Nkomo Scholarship ya ana okhoza bwino kwambiri, ndi Capernaum ya ana amasiye. Inu agogo amene mukulera zidzukulu, sungani bwino setifiketi ya imfa ya makolo awo. Ndikudziwa kuti ndi pepala lowawa kuliona, koma adzalifuna.

Palinso USAP, imene inayamba kuno ku Harare mu 1999. Imatenga ana anzeru a m'mabanja osowa n'kuwakonzekeretsa kupempha malo ndi thandizo ku mayunivesite a kunja. Mastercard Foundation nayo imalipirira ana a mu Africa ku mayunivesite monga Pretoria ndi Cape Town, ndipo kumeneko pafunika pasipoti. Anzathu a ku Malawi muli ndi bungwe la boma la HESLGB. Kumbukirani kuti zambiri zimene limapereka ndi ngongole, mwana adzabweza akayamba ntchito.

Osanyoza unamwino ndi ntchito zamanja. Wophunzira unamwino pa chipatala cha boma monga Parirenyatwa amalandira kangachepe akuphunzira. Malo ake ndi olimbirana, koma fomu tumizani.

Chenjerani ndi mauthenga a pa WhatsApp akuti tumizani ndalama pa EcoCash kuti tikusungireni sikolashipu. Yunivesite ikhoza kulipiritsa fomu yopempha malo, ndipo imapereka risiti. Koma munthu wogulitsa sikolashipu pa foni ndi mbava. Mukakayika, kafunseni aphunzitsi aakulu a sukulu ya mwanayo.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. Tipatule thumba laling'ono m'gulu lililonse, osati la fizi, koma la zinthu zimene zimalepheretsa mwana asanafike n'komwe pa khomo: kombi yopita ku Makombe, mafotokope odindidwa, zithunzi, intaneti yotumizira fomu, ndi pasipoti. Mayi abwereke popanda chiwongoladzanja, adzabweze pogawana. Ndipo mlembi wa gulu akhale ndi kope la ana onse a Fomu 2 kupita m'mwamba, alembe amene ali ndi setifiketi ya kubadwa ndi amene alibe. Pa msonkhano wa mwezi wa mawa, mayi aliyense abwere ndi mapepala a ana ake kuti tiwaone limodzi.